Tsiku Limene Intaneti Inakwawa

1. Foni ya kuchipatala

Foni inalira Loweruka m'mawa, Injiniya ali mkati mosesa m'shopu ya amayi ake.

Injiniya silinali dzina lake lenileni. Bambo ake ndi amene anam'patsa dzinali ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atam'peza atamasula wailesi ya pabalaza kuti aone anthu amene amayankhula mkatimo. Wailesiyo sinayankhulenso, koma dzina lija linam'kakamira. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ngakhale aphunzitsi ankamuitana choncho.

Shopu ya amayi ake inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu, pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya zitsulo. Anthu ankabwera kudzalembetsa makalata, kupangitsa fotokope ndi kutumiza mafomu. Munali tebulo limodzi, kompyuta imodzi, makina osindikizira amene ankatsokomola akatentha, ndi kabokosi koyera ka intaneti, kamene amati rauta, kokhomedwa pakhoma pamwamba pa kalendala.

Amayi anayankha foni ija ataimirira. Kenako anakhala pampando mwadzidzidzi.

"Inde, ndine mkazi wawo. Liti? Ali moyo?"

Tsache linagwa m'manja mwa Injiniya.

Amene ankaimba anali nesi wa chipatala china chakutali, kutsidya kwa malire. Bambo ake a Injiniya anali dalaivala wa lole, ndipo anali atachoka pakhomo masiku asanu apitawo. Lole yawo inagubuduzika pamalo otsetsereka. Anthu anawatulutsa ali moyo, koma mwendo wakumanja unali utaphwanyika koopsa.

Foni inkadukaduka. Mumsewu umenewo netiweki ya foni inali yovuta kuyambira kale, moti anthu ankachita kukaimirira pakona kuti amvane ndi anzawo. Amayi anathamangira panja akufuula kuti, "Tabwerezani, mayi, sindinamve!"

Atabwerera, anayang'ana Injiniya.

"Akuti dokotala wa mafupa amafika kumeneko kamodzi pa sabata, ndipo lero alipo," anatero. "Bambo ako awapatsa mankhwala amphamvu, sangasaine okha. Atumiza fomu pa imelo. Ndisaine, nditumize pamodzi ndi chiphaso changa, kenako dokotalayo andione pa vidiyo. Ikakwana thwelofu koloko izi zisanatheke, alowetsa wodwala wina."

"Nanga bambo?"

"Akuti mwendowo sungadikire sabata ina."

Onse awiri anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangopitirira teni koloko.

2. Kagudumu

Amayi anayatsa kompyuta n'kudina pa imelo. Pakati pa sikirini panabwera kagudumu kakang'ono n'kuyamba kuzungulira. Kanazungulira, kanazungulira, tsamba osatseguka.

Anadinanso. Anadina kachitatu, mwamphamvu.

"Lero lomwe? Intaneti iwe, lero lomwe?"

Panalowa mayi wina ndi mapepala ofuna fotokope. Ataona nkhope za anthu awiriwo anabwerera chambuyo.

"Ndingokwera basi ndipite kutauni," anatero amayi, akusakasaka chikwama. "Koma Loweruka msewu umadzaza, ndi ola lathunthu. Injiniya, iwe ukuona bwanji? Ikonzeka?"

"Ikonzeka, amayi," anayankha msanga. "Musapite."

Mawuwo anatuluka okha. Koma panali chinthu chimene iye ankachidziwa, amayi ake osachidziwa.

Masabata atatu m'mbuyomo kushopuko kunafika Wamtali, mtsikana wa m'kalasi mwake amene aliyense ankafuna kukhala naye pa nthawi yopuma. Amayi anali atapita kukagula mapepala. Wamtali anatsamira patebulo n'kunena kuti, "Mnzanga, tandipatsako pasiwedi ya wayifayi yanuyi, ndingoona kanthu kamodzi. Ndikulowetsa m'gulu lathu lija la pafoni."

Injiniya anali atasirira gulu limenelo chaka chonse. Anang'amba kapepala n'kulembapo.

"Usauze munthu," anatero.

"Ine? Ndikauze ndani?"

Kuyambira sabata imeneyo, benchi ya panja pa ometa tsitsi inayamba kudzaza. Anyamata, azibambo, ngakhale a dazi opanda choti n'kumetedwa, ankakhala pamenepo tsiku lonse ataweramira mafoni. Ndipo intaneti ya m'shopu inayamba ulesi, makamaka Loweruka, tsiku la mpira.

Injiniya anasuzumira pawindo. Benchi inali itadzaza, ena atakhala pa mwala, ena atatsamira khoma la shopu yomweyo.

"Thamanga ukaitane amalume ako," anatero amayi.

3. Mafunso a amalume

Amalume ake a Injiniya ankakonza mawailesi ndi ma TV kumapeto kwa msewu womwewo. Anafika akupuma movutikira, sikuludiraiva ili m'thumba la shati, magalasi awo omangidwa ndi kawaya ali pamphuno. Anapeza mlongo wawo akumenya kompyuta ndi chikhatho.

"Taima, mlongo wanga, usamenye makina," anatero, akum'gwira dzanja. "Ine ndakonza mawailesi zaka makumi atatu, ndipo ambiri amene amafika kwanga atafa anaphedwa ndi eni ake. Munthu akachita mantha amayamba kudina paliponse, kuzula mawaya, kumenya. Akatero, pamene panali vuto limodzi pamakhala atatu. Chinthu chikavuta umachifunsa mafunso, limodzilimodzi, kuyambira losavuta. Ukayesa ichi, uone kaye ngati chasintha. Usayese ziwiri nthawi imodzi, chifukwa chikachira sudziwa chimene chachiritsa. Alamu anga ali m'manja mwa madokotala, ife ntchito yathu ndi kabokosi aka basi. Tsono ine za intaneti sindizidziwa, ndine wa nthawi ya mabatire. Iwe Injiniya, izi munaphunzira kusukulu. Funso loyamba n'lotani?"

"Kuona ngati bandulo sinathe," anayankha motsitsa mawu.

"Ndinalipira Lachiwiri lapitali," anatero amayi, n'kuwaonetsa uthenga wa pafoni. Bandulo inalipo yambiri.

"Funso lachiwiri?"

"Kuona timagetsi ta pa rauta."

Amalume anakankha magalasi n'kuyang'anitsitsa. Tonse tinali tobiriwira, popanda kofiira. Koma kamodzi kankaphethira mothamanga ngati diso lolowa fumbi.

"Nanga aka kakuthamangira kuti?"

"Kamatero intaneti ikamagwiritsidwa ntchito."

"Ndi ndani? Ife pano sitikuona kanthu."

Injiniya anazemba funsolo. "Tiyeni tiizimitse kaye, amalume. Aphunzitsi anati rauta ikakhalitsa yoyaka imasokonezeka. Umaizula pamagetsi, n'kuwerenga mpaka makumi atatu, n'kuibwezeretsa."

Anazula. Anawerenga onse atatu mokweza, amayi akuthamangitsa manambala, amalume akuwabweza. Atabwezeretsa, timagetsi tinayaka kamodzikamodzi, ndipo mwadzidzidzi tsamba la imelo linatseguka. Uthenga wa kuchipatala unali pamwamba penipeni.

"Yabwera!" anafuula amayi. "Yabwera!"

Anadina pa fomu. Kamzere kosonyeza kuti fomu ikutsika kanayenda pang'ono, kenako kanaima. Kagudumu kanabwereranso.

Injiniya anali atayang'ana pawindo. Anaona mitu ya pabenchi, imene inadzuka rauta itazima, ikuweramanso umodziumodzi.

"Chachira kamphindi, chadwalanso," anatero amalume. "Chimenecho tichisunge m'mutu. Funso lina?"

"Mwina wayifayi ikufooka isanafike pa kompyuta. Tilumikize ndi waya."

Waya wachikasu unali m'katoni pansi pa tebulo, utapiringizana ndi zingwe zakale. Amalume anakwera pampando, mawondo akulira, n'kuulowetsa kuseri kwa rauta. Injiniya analowetsa mbali ina kukompyuta. Anatseka masamba onse otseguka, n'kuonetsetsa kuti kompyutayo sikutsitsa zinthu zina mwa iyo yokha. Kenako anatsegula tsamba loyezera liwiro la intaneti. Nalonso linatenga nthawi. Litatseguka, kamuvi kake kananjenjemera pansi penipeni.

"Masiku onse kamafika pa teni," anatero Injiniya. "Lero sikanafike ndi pa wani pomwe."

Foni ya amayi inaliranso. Anali nesi uja. Mawu ake ankamveka modukaduka mpaka pamalo pamene Injiniya anaima: "Sitinalandire... dokotala akufunsa... amuna anu akutchula dzina lanu."

Wotchi inkati kwatsala mphindi zisanu kuti ikwane leveni. Zopita kutauni zinali zitadutsa. Amayi anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo Injiniya anamva phokoso limene anali asanalimvepo chibadwire: amayi ake akulira.

4. Ometa

Amalume anatenga nambala ya kampani ya intaneti pa kalendala n'kupita pakona kukaimba. Mphindi zimenezo zinali zazitali. Injiniya anaima pafupi ndi makina osindikizira, akupinda ndi kupindula kapepala mpaka kanang'ambika. Kawiri konse anafuna kuulula, koma anaopa.

Amalume anabwera akupukusa mutu.

"Akuti kwawoko zonse zili bwino. Intaneti ikufika yonse, koma ikuthera pompano. Mtsikana wa kumeneko wandifunsa kuti, 'Bambo, muofesi mwanumo muli anthu angati?' Ndati atatu, ndipo mmodzi ndi nkhalamba yosadziwa kudina. Waseka. Akuti zikatero ndiye kuti pali ena amene akumwa nawo, ndipo si ochepa."

Amayi anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana pawindo, n'kuona benchi ija ngati akuiona koyamba.

"Ometa," anatero. "Ndi ometa amenewa! Anandipempha pasiwedi kawiri, ine n'kuwakaniza. Akabwera kudzatchaja makina awo amasuzumira patebulo panga. Ndiye aba n'kugawira makasitomala awo, amuna anga akufa uko!"

"Mlongo wanga, tilibe umboni."

"Umboni ndi umenewo uli pabenchipo! Ndikawayalutsa pamaso pa anthu awo omwewo. Ndikaitana apolisi. Aone!"

Ometa anali bambo wachikulire, wonenepa, wanthabwala. Bambo ake a Injiniya akakhala pa ulendo, ndi iwo amene ankathandiza kutsitsa chitseko chachitsulo cha shopu madzulo. Tsiku lina anathamangitsa wakuba amene anatsomphola chikwama cha amayi, mpaka anaguluka chikhadabo. Pa nthawi imeneyi ankamveka kuseri kwa khoma akuseka ndi munthu amene ankamumeta, osadziwa chilichonse.

Amayi anali atafika kale pakhomo. Injiniya anawathamangira n'kuwagwira mkono.

"Amayi, si iwo."

"Ndisiye!"

"Si iwo, amayi. Ndine."

Amayi anatembenuka.

"Wati chiyani?"

"Ndinapatsa mnzanga wa kusukulu. Mmodzi yekha. Anati sauza munthu." Anaweramitsa mutu. "Ndinaona kuti anthu akuchuluka, koma ndinaopa kukuuzani."

"Ndipo m'mawa muja, pamene ndimati ndikwere basi, unkadziwa?"

"Ndimati mwina tikaizimitsa ikonzeka yokha."

"Ola lathunthu!" Amayi anakweza dzanja. Injiniya anatsinzina, kudikira. Dzanjalo silinatsike. Atatsegula maso anaona amalume ataima pakati pawo.

"Mlanduwu ulipo, ndipo tiukamba," anatero amalume. "Koma wotchi sikudikira mlandu. Iwe, popeza nthenda waidziwa, mankhwala ake ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa. Koma pakufunika pepala lija anasiya anthu a kampani. Lili m'dirowa yokiya."

Amayi anatulutsa kiyi m'chikwama n'kumuponya patebulo osamuyang'ana mwana wawo.

5. Makumi atatu ndi anayi

Inali leveni koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu.

Injiniya anakhala pa kompyuta. Papepalapo panali manambala oti ukawalemba umalowa m'kati mwa rauta, mmene mwini wake amasinthiramo zinthu. Anawalemba mofulumira, koma analakwitsa. Anafufuta n'kuyambiranso.

"Nanga tsamba limeneli litseguka bwanji intaneti ikukwawa?" anafunsa amalume.

"Ili silichokera kutali. Limakhala m'kabokosi momwemu."

Linatsegukadi nthawi yomweyo. Analemba dzina ndi mawu achinsinsi a mwini rauta monga zinalembedwera papepala, n'kudina pamene pamaonetsa zipangizo zonse zolumikizidwa.

Mndandanda unatsika, unatsika, mpaka kupitirira sikirini.

Amalume anawerenga ndi chala. "Makumi atatu ndi anayi. Mayo ine! Mlongo wanga, unatsegula hotela osadziwa."

Mafoni ena anali ndi manambala okha, ena anali ndi mayina amene eni ake anawapatsa. Panali ina yotchedwa Mfumu ya Mpira, ina Osandigwira, ina Ya Madamu. Ya Wamtali inalinso pomwepo, ngakhale mwini wake sanali pabenchi. Mwina anali kuseri kwa sitolo ya zitsulo.

"Kompyuta yathu ndi iyi, imodzi yokha," anatero Injiniya. "Enawa akuonera mpira ndi mafilimu. Intaneti ikafika imagawidwa kwa onse, ndiye ife tikungolandira nyenyeswa. Tikasintha pasiwedi, onse atuluka."

"Sintha chimenecho chokha," anatero amalume. "Usakhudze china. Ukasokoneza pamenepo, tidzitsekera tokha panja."

Injiniya anapeza malo ake, n'kufufuta pasiwedi yakale. Inali dzina la shopu ndi chaka chimene anaitsegula. Kenako anaimirira n'kukankhira mpando kwa amayi ake.

"Lembani nokha, amayi. Ikhale yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala. Isakhale dzina la munthu kapena tsiku lobadwa. Ine nditembenuka."

Anatembenukira kukhoma. Anamva amayi akudina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kenako akulemba ndi cholembera, kenako dirowa ikutsekedwa.

"Ndamaliza."

Injiniya anadina posunga. Timagetsi ta pa rauta tinazima tonse.

"Wapha!" anafuula amayi. "Mwana iwe, wapha!"

"Ikudziyatsanso yokha, amayi. Imatero."

Ananena molimba mtima, koma anali asanachitepo zimenezi pa rauta yeniyeni. Kusukulu anangoziona pa bolodi. Kamagetsi koyamba kanayaka. Panapita nthawi. Kachiwiri kanayaka kofiira. Amalume anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi shati. Kofiira kaja kanaphethira katatu, kenako kanasanduka kobiriwira.

Panja panamveka mfuu. "Aaa! Mpira waima! Penate yeniyeni, mpira waima!"

Injiniya anayezanso liwiro. Kamuvi kanadumpha n'kukaima pa teni.

Fomu inatsika asanaphethire n'komwe. Makina osindikizira anatsokomola kawiri, onse atatu n'kuwayang'ana mwaukali, kenako anatulutsa pepala. Amayi anasaina mothamanga mpaka siginecha inakhala ngati ya munthu wina. Injiniya anasindikiza lina, amayi anapuma kaye, n'kusainanso. Analijambula pamodzi ndi chiphaso n'kutumiza. Wotchi inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu.

Sipanapite nthawi, kompyuta inalira. Pa sikirini panaoneka dokotala wa maso otopa, nsalu yotseka pakamwa itatsitsidwa pachibwano. Anafunsa amayi dzina lawo, n'kuwauza kuti aonetse chiphaso pafupi ndi nkhope. Anafotokoza zimene akachite: kuika chitsulo m'fupa, kusoka mitsempha. Anati sangalonjeze kuti mwendo ukhala ngati kale, koma akhulupirira kuti aupulumutsa. Mawu onse ankamveka bwinobwino, osaduka ndi pamodzi pomwe.

Kenako nesi anatembenuza foni.

Bambo anali atagona pakabedi ka magudumu, mutu utakulungidwa bandeji, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Amayi anagwira sikirini ndi zala.

"Musalire," anatero bambo, lilime likulemera. "Lole ndi imene yafa, ine ndilipo. Injiniya ali pomwepo?"

"Ndili pano, bambo."

"Wawathandiza amayi ako?"

Injiniya anayang'ana amayi ake.

"Wakonza," anatero amayi. "Zina tidzakamba mukachira."

Kabedi kanayamba kuyenda. Anaona denga loyera likudutsa, kenako chitseko, kenako nesi anadula.

6. Mawu a amalume

Amayi anayamba kulongedza mapepala m'chikwama, pakuti anafunika kukafunsa za basi yopita kumalire. Sanam'kalipire Injiniya, sanamuyankhulenso. Kwa iye kukhala chete kumeneko kunapweteka kuposa khofi.

Amalume anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Tamvera kuno, mwana wa mlongo wanga. Pasiwedi ndi kiyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kiyi wachitsulo ukam'bwereketsa, iwe umatsala wopanda, ndiye umakumbukira kukam'tenga. Koma uyu ukapatsa munthu, iwe uli nayebe, iyenso ali naye, ndipo mawa akhala ndi anthu khumi amene sunawaonepo. Mnzakoyo mwina sanafune kukupweteka. Anangouza mmodzi, monga iwenso unangouza mmodzi. Tsono taganiza: m'kompyuta iyi muli ziphaso za anthu, makalata a kuchipatala, mafomu a ntchito. Anthu amawasiya kuno chifukwa amakhulupirira amayi ako. Mwa makumi atatu aja, ukudziwa kuti onse amangofuna mpira? Ine sindikudziwa, iwenso sukudziwa.

"Koma chimene chandiopsa ine si kapepala kamene unapereka. Ana amalakwa, ifenso tinalakwa. Chandiopsa ndi ola lija. Unaima apa ukuona amayi ako akulira, nkhalamba ine ndikukwera mipando, yankho lili m'kamwa mwako. Unaopa kukalipiridwa kuposa kuopa kuti bambo ako aduka mwendo. Mantha amatero, amakulitsa chaching'ono n'kuchepetsa chachikulu. Ukanachedwa mphindi zina makumi awiri, ukanasenza chinthu chimenechi moyo wako wonse, ndipo palibe akanakutula. Chinanso, munthu wosalakwa akanayalutsidwa pamsewu chifukwa cha iwe. Pamenepo pokha ndiye wandilimbitsa mtima, kuti unawagwira mkono amayi ako. Tsono kuyambira lero, chinthu chikakuopsa, thamangira kwa wamkulu nthawi yomweyo, chisanakule. Kaya walakwa ndiwe, kaya ndi wina. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Ndi zonse."

"Chabwino. Pukuta mphuno, ukuoneka ngati wailesi yonyowa ndi mvula."

Amayi anaima pakhomo, chikwama chili paphewa. "Ife tikupita kokwerera mabasi. Zimitsa zonse, ukiye, upite kunyumba. Osapatukira kwina."

Anatuluka. Patapita kamphindi amayi anabwereranso, n'kumukonza kolala ya bulauzi imene inali itapindika. Kenako anapita.

7. Mlendo pakhomo

Benchi ya panja inali itatsala ndi anthu awiri okha, odikiradi kumetedwa. Ometa anali atakweza wailesi yawo, makina akulira. Injiniya anazimitsa kompyuta, n'kuphimba makina osindikizira ndi nsalu. Akuwerama kuti atenge loko, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

Anadzuka. Pakhomo panaima mwamuna wamtali, wovala chipewa chofika m'maso, atapingasa mkono pafelemu ya chitseko. Injiniya anamuzindikira. Anali mchimwene wake wa Wamtali, amene anasiya sukulu kalekale, ndipo ankayenda pa njinga yamoto yopanda nambala. Atsikana a m'kalasi ankatsitsa mawu akamamutchula.

"Ndiwe Injiniya?"

"Tatseka."

"Sindinabwerere fotokope." Analowa phazi limodzi. "Wandichititsa manyazi lero. Anthu onse aja pasiwedi anaitenga kwa ine. Ndinawalonjeza kuti aonera mpira mwezi wonse. Pano akundisaka msewu wonse, akuti ndine wabodza. Ukuona ngati n'zoseketsa?"

"Intaneti ndi ya amayi anga."

"Ndiye undilembere yatsopanoyo. Pepala ndi ilo."

"Sindikuidziwa. Alemba okha."

Mwamunayo anamwetulira. Kumwetulirako kunali koopsa kuposa mawu ake.

"Ndiye ukaidziwe. Umagona nawo nyumba imodzi. Lolemba poweruka undipeza pageti pa sukulu. Njira imene umadzera ndimaidziwa, ya kuseri kwa bwalo ija." Anagogoda tebulo ndi chala kawiri. "Ndipo usavutike n'kuuza akuluakulu. Ali ndi mavuto okwanira. Ndamva za bambo ako."

Anatuluka mosafulumira.

Injiniya anatola loko n'kutuluka. Anakoka chitseko chachitsulo yekha, chikulira, n'kulowetsa loko. Kiyi anagwa pansi kawiri asanakiye.

Kunyumba kunali kumanzere, pafupi. Kokwerera mabasi, kumene amayi ndi amalume anapita, kunali kumanja, kutali ndithu. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anafumbata kiyi m'manja, n'kukhotera kumanja, n'kuyamba kuthamanga.

Asanapitirire sitolo ya zitsulo, anamva njinga yamoto ija ikulira kumbuyo kwake.